Kugogoda kwa Pansi pa Galimoto

"Ponda kilachi, ulowetse giya yoyamba," anatero achimwene ake a Khutu atanjuta pambali pa galimoto. "Buleki ya pamanja usaitsitse."

Khutu anachita zomwezo. Atangonyamula phazi pang'ono, pansi pa mpando panamveka kuti gu, ngati munthu wamenya chitseko ndi chigongono. Anazimitsa injini msanga n'kuyang'ana pawindo la chipinda chomwe mwana wake ankagona. Katani sinagwedezeke.

"Mwamva?" anafunsa. "Miyezi itatu tsopano."

"Ndamva. Tsika tiikweze."

Linali tsiku lachinayi chiwaikireni bambo awo m'manda. Achibale anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa. Pabwalo panangotsala galimoto yakale yobiriwira, yomwe malemuwo anapatsa Khutu pomwe mwana wa Khutuyo anapezeka ndi mphumu, kuti chifuwa chikabanika asamadikire minibasi. Mawa lake Khutu ankayenera kubwerera kwawo, ulendo wa maola asanu, iye ndi mwana basi, poti amuna ake anali atatsogola kale kukayamba ntchito. Dzina loti Khutu anamupatsanso ndi bambowo. Ankati pa zaka makumi atatu za umakaniko wawo sanaonepo munthu wakumva phokoso la galimoto ngati mwana wawo wamkaziyu. Ena onse pabanjapo ankati ndi mantha chabe.

Achimwene ake, omwe ankayendetsa malole a mtunda wautali, anaikweza ndi jeke, n'kuichirikiza pa zitsulo ziwiri za bambo awo. Anayala katoni pansi.

"Mimbayo ilowa?" anafunsa Khutu.

"Yalowapo pansi pa malole iyi. Iwe ingogwira tochi, usanjenjemere."

Analowa chagada mpaka kunja kunangotsala miyendo. Poyamba ankaimba mluzu. Kenako mluzu unatha. Khutu anayang'ana zala za kumapazi kwawo, zomwe zinali zitasiya kugwedezeka. Sipanala sinalire ngakhale kamodzi.

"Achimwene, mwagona?"

Anatuluka pang'onopang'ono. M'dzanja munali chidutswa cha tayala lakale, chodulidwa bwino ndi mpeni, chili ndi waya wokulungidwa kawiri.

"Mauntini atha," anatero osamuyang'ana. "Onse awiri. Labala yake yang'ambika, giyabokosi ikungokhalira pa chimenechi. Mabushi, timalabala togwira ndodo ya giya, nawonso ndi phala."

Khutu ankawadziwa mauntini. Anakula akuwaona pa tebulo la m'galaja, tizitsulo tokhala ndi labala yolimba pakati, tonyamula giyabokosi kuti isamagunde thupi la galimoto.

"Sizingatheke. Bambo anasintha. Ndinabwera nayo ndekha, inakhala pano masiku awiri. Zakale anandipatsa."

Umenewo unali mwambo wa bambo awo pa ntchito. Chilichonse chomwe achotsa m'galimoto ya munthu ankachiika m'jumbo n'kupatsa mwiniwake m'manja. Ankati makaniko wobisa chitsulo chakale ndi mbala yovala ovololo. Khutu, yemwe sankataya kanthu, anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa jumbo lomwe linali pansi pa tayala la sipeya. Anakhuthulira pa katoni mauntini awiri akuda ndi girisi.

"Si a galimoto ino amenewo," anatero achimwene ake. "Amenewo ndi a mabowo atatu. Ako ndi a awiri."

Khutu anawerama n'kuwerenga mabowo. Analidi atatu. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Simunayang'ane n'komwe."

"Ati?"

"Mwayankha jumbo ndisanamalize kukhuthula. Mwadziwa bwanji?"

Achimwene ake anayamba kupukuta manja pa kansanza, chala chimodzichimodzi. Pakhonde panali mayi awo, akupinda maovololo a malemu omwe anachapa m'mawa. Anali atapinda imodzi yomweyo katatu.

"Atsopano ali m'kabati," anatero mayiwo. "Pansi pa mabulangete. Ndi mabushi omwe. Anagula tsiku lomwe unafika."

"Ndiye anawasungiranji m'kabati, amayi?"

"Manja, mwanangu." Mayi anakhala pa sitepe, ovololo ili pamiyendo. "Manja anali atayamba kale kuwakana. Anagona pansi pa galimotoyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, bawuti osatembenuka. Potuluka ndinachita kuwakoka miyendo. Iwe unali utapita ndi mwana kwa azakhali ako."

"Bwanji sanaitane munthu? Makaniko onse a msewu uno anawaphunzitsa okha."

"N'chifukwa chake. Akaitane mwana yemwe anamuphunzitsa kugwira sipanala, adzawamasulire bawuti?" Mayi anayang'ana mwana wawo wamwamuna. "Anaitana wawo."

Achimwene ake anaponya kansanza pa boneti.

"Ndinali pa ulendo. Ndinawauza kuti ndifika Loweruka."

"Loweruka liti?" anafunsa Khutu.

Achimwene ake anatolanso kansanza kaja.

"Pakati pa tsiku limenelo ndi lero padutsa Maloweruka khumi ndi awiri, achimwene. Munabwera kwathu kawiri. Munanyamula mwana wanga, munamugulira chidole. Galimoto inali panja pomwepo, munaikapo chigongono mukucheza ndi alamu anu."

"Bambo anati tisakuuze."

"Tisakuuze. Ndiye munachita kukhalirana pansi."

"Tikanakuuza ukanagona tulo iwe?" anatero mayi. "Iwe amene mwana akatsokomola kamodzi umayamba kulongedza chikwama cha kuchipatala? Bambo ako anati chitayalacho chigwira mpaka mchimwene wako atabwera. Anati usadziwe, ungaope kuyendetsa, tsiku lomwe mwana adzafune galimoto n'kukhala ukudikira minibasi."

"Giyabokosi sikanagwa," anawonjezera achimwene ake. "Anamanga bwino. Mdala uja ngakhale chigamba ankachimanga ngati cha ku fakitale."

"Mwachiona lero. Dzulo munkadziwa bwanji kuti sikanagwa?"

Khutu anamva mawu ake akukwera, ndipo anawatsitsa chifukwa cha windo lija.

"Mwezi watha mwana anabanika m'mawa, mvula ikugwa. Ndinathamanga naye kuchipatala, giya iliyonse gu, gu. Titafika ndinaimbira bambo. Ndinati, bambo, kukugogodabe. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati ndi zatsopano, zikukhazikika. Anaseka. Anati Khutu, nthawi zina khutu limanama. Ndinawakhulupirira. Amuna anga akhala akundiseka kuti ndimamva mizukwa m'galimoto, ine n'kumaseka nawo. Ndinayamba kukweza wailesi kuti ndisamve. Munthu mmodzi yekha amene sankanditcha wamantha ndi amene anandiuza kuti ndikumva za m'mutu."

Mayi anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi tibokosi titatu tomwe tinali tisanatsegulidwe. Anatiika pa katoni, pafupi ndi mauntini abodza aja, n'kubwerera pakhonde.

Ntchito inayamba. Achimwene ake anaika thabwa pamwamba pa jeke, n'kunyamulira giyabokosi pang'ono kuti kulemera kuchoke pa mauntini. Anathira mafuta pa mabawuti, n'kudikira. Khutu ankawapatsira zomwe apempha. Bawuti woyamba anakana. Anavekera chipaipi ku sipanala kuti italike, n'kukankha ndi phazi, akubuula, mpaka bawutiyo analira ngati chitseko chadzimbiri.

"Ameneyu," anatero akupuma mwawefuwefu, "ngakhale ine wandiyesa. Nanga mdala ndi manja aja."

Khutu anangotola bawutiyo n'kumuika pa katoni.

Mauntini woyamba anatuluka ali m'zidutswa ziwiri, chitsulo kwina labala kwina. Watsopano analowa movuta, mabowo osayang'anizana, mpaka anachita kutsitsa jeke pang'ono n'kukwezanso. Mabushi a ndodo ya giya anangofumbutuka m'manja. Dzuwa litafika pamutu, mbali imodzi inali itatha.

"Kwatsala kumanzere," anatero achimwene ake. "Pita ukaone mwana. Ndikamaliza ndikuuza."

"Mundiuza."

"Ee."

"Sunthani."

"Ukufuna chiyani?"

"Mawa ndikuika mwana wanga m'menemu. Zouzidwa ndatopa nazo. Sunthani ndione ndekha."

"Iwe amene umaopa ngakhale kudutsa pansi pa makwerero?"

Khutu anamanga diresi lake pakati pa miyendo, anagwedeza zitsulo zochirikiza zija chimodzichimodzi, n'kuzigwedezanso kachiwiri. Kenako anagona pa katoni n'kudzikankha ndi zidendene. Pansipo pankanunkha oyilo wakale ndi fumbi lotentha. Chitsulo chinali pafupi ndi mphuno yake. Phewa lake linakhudza la achimwene ake.

"Uyu ndi watsopano," anatero iwo, akuloza. "Gwira. Uyo ndi amene watsala."

Khutu anagwira watsopanoyo, anamukoka, sanasunthe. Anatembenuza tochi kuti aone winayo, ndipo kuwala kunadutsa pa timadontho tofiira.

Anaimitsa dzanja. Anali ataiwala. Ali mwana ankawaona bambo awo akuba penti wa m'zikhadabo wa mayi, n'kumadontheza kadontho pamutu pa bawuti aliyense yemwe amumanga n'kumuyesa kawiri. Kadonthoko kankatanthauza kuti apa ndamaliza, ndafera pomwepa.

Anayendetsa tochi pang'onopang'ono. Timadontho takale tinali titada ndi fumbi. Koma panali tina tatsopano, towala. Pa mabuleki a kutsogolo, onse awiri. Pa mapaipi a mafuta a buleki. Pa tizitsulo ta chiwongolero. Tinali tosazungulira bwino ngati takale, tina titayenderera cham'mbali, potengera dzanja lonjenjemera. Paliponse pomwe bawuti anali wamng'ono, woti manja otha mphamvu n'kumutembenuza, panali kadontho.

Kenako anaunika pa mauntini wotsala uja. Mitu ya mabawuti ake awiri inali yokalikakalika, ngodya zitadyeka pomwe sipanala inkapulumuka mobwerezabwereza. Pambali pake waya wa chigamba chachiwiri anali atapotedwa mwaukhondo, nsonga yake itapindidwira mkati kuti isabaye munthu. Panalibe chofiira chilichonse.

"Apa sanadontheze," anatero Khutu.

Achimwene ake anasuzumira.

"Sanadontheze."

"Botolo la penti anali nalo m'manja. Akanangodontheza, ine sindikanadziwa kuti sanamalize."

"Akanatha."

M'nyumba mwana anatsokomola kamodzi, n'kuyamba kulira. Pakhonde panamveka mayi akudzuka.

"Ndimutenga ine," anatero mayiwo.

"Musiyeni, amayi. Ndikubwera ndekha."

Koma sanatuluke nthawi yomweyo. Anakhalabe chagada, tochi ili pachifuwa, misozi ikutsikira m'makutu.

"Chitsulo sanachinamize," anatero. "Ananamiza ine."

Anatambasula dzanja, n'kuika chala chachikulu pamutu pa bawuti wopanda kadonthoyo. Anamva m'mphepete mwake mokalakala, momwe sipanala ya bambo ake inapulumukira tsiku lonse.