Chitini cha Shuga cha Amake Vivian

Mu 1996, pokambirana za ukwati ku Mnkhanya, Cosmas analonjeza pamaso pa amalume a Tabeth kuti: "M'nyumba mwake shuga sadzatha." Anali atangolembedwa ntchito yoperekera zakudya ku loji ya alendo odzaona nyama. Masiku amenewo tinkakhuta mapira ndi phala la bwemba. Lero Mfuwe wadzaza mashopu, mashopuwo adzaza zotsekemera za m'mapulasitiki. Akuti n'chitukuko.

Cosmas anasunga mawu ake. Mwezi ukatha ankafika njinga italemedwa ndi shuga, mabanzi ndi madrinki.

Tsopano Tabeth anali pabenchi ya kukiliniki, Cosmas ali pambali pake, bala la kuphazi likukana kupola mwezi wachitatu. Anesi a Magdalene anamubaya pachala n'kuyang'ana kamakina koyezera shuga.

"Twente-wanu, shuga wakwera kwambiri m'magazi. Bambo, mukapitiriza kugula momwe mumaguliramu, phazi ili akalidula ku Chipata."

"Ndikalowa m'shopu manja amapita okha," anatero Cosmas.

"Ndiye muzisankhiratu muli kunyumba. Lembani zogula: nyemba, kapenta, nsawawa, mazira. Musaine nonse awiri, mukapereke kwa mwini shopu, azikulongedzerani zokhazo. Palibe akukukakamizani. Ndi pangano lanu."

Pobwerera Cosmas anayenda mtunda wautali akukankha njinga yomwe mkazi wake anakwera.

"Amake Vivian, alendo akapeza chitini cha shuga chilibe kanthu adzati andichotsa ntchito. Komanso ndinalonjeza kwa amalume anu."

"Amalume analowa m'manda ndi mapazi awiri," anayankha Tabeth. "Inenso ndikufuna choncho."

Anasaina, n'kukasiya pepalalo kwa Langford, mwini shopu.

Mwezi utatha, Cosmas anapeza katoni yake italongedzedwa kale. Boston, sikauti woteteza nyama zakutchire amene ankamwa drinki pakhomo, anasuzumiramo n'kuseka.

"Bwana wa tiyi lero mwagwera nyemba? Azungu asiya kupereka matipu?"

Anthu a pamzere anaseka. Cosmas anayandikira shelefu. Anatambasula dzanja, natenga paketi ya shuga, naiponya pakauntala.

Langford anazula pepala lija pamsomali n'kuliyala pambali pa paketiyo.

"Dzina ili ndi lanu, ili ndi la amayi. Mukafuna ndikugulitsani, koma pepalali mung'ambe nokha."

Cosmas anayang'ana zilembo zokhotakhota za Tabeth. Kenako anabweza paketiyo pashelefu, nanyamula katoni, nadutsa Boston osamuyang'ana.

Patapita miyezi itatu ya mankhwala ndi zakudya za papepala lija, bala linatseka. A Magdalene anauza anthu a pabenchi kuti: "Sankhani zogula musanalowe m'shopu, zilembeni, ndipo uzani munthu woti azikukumbutsani. Mtima ukafooka, pepala limakugwirani dzanja."

Tabeth anabwerera kunyumba wapansi, atavala nsapato zonse ziwiri.

M'nyumba mwake shuga anatha mu Julayi. Cosmas sanagulenso.