Mendulo ya a Goliati

A Goliati, mlonda wa pasukulu ina kufupi ndi Manjawira, anali munthu wamantha, ndipo eni akewo ankadziwa. Ntchito yomwe ankainyadira inali kukweza mbendera m'mawa uliwonse. Koma kwa milungu iwiri mbendera sinakwere, iwo n'kumauza ahedi kuti chingwe chaduka. Chingwe chinalibe mlandu. Thadzi la akazi awo, a Lufina, linali litaikira mazira m'katoni yosungiramo mbenderayo n'kuyamba kufungatira, ndipo a Goliati anaona kuti kunamiza ahedi n'kopepuka kusiyana ndi kudzutsa nkhuku ya a Lufina.

Tsiku lina masana, moto wa osaka mbewa unalumphira denga la chipinda chosungiramo katundu, momwe munali katoni ija. Anthu akungokuwa, a Goliati anakumbukira nkhope ya akazi awo. Anadziponya mu utsi, n'kutulukamo nsidze zitapserera, katoni ili pachifuwa, nsonga ya mbendera ikulendewera. Thadzi linali phee m'katimo.

"Apulumutsa mbendera ya dziko!" anafuula ahedi.

Mbiri inathamanga mpaka ku boma, ndipo thadzi lija litaswa kale anapiye, kunabwera bwana kudzawaveka mendulo ya anthu olimba mtima. A Goliati anavala jekete yawo ya ku Joni. Anaifunadi menduloyo, chifukwa chibadwire anali asanaitanidwepo kutsogolo. Koma bwana atangoitulutsa, a Lufina anaimirira. A Goliati anadziwa kuti zavuta: mayi amenewa sanasungirepo munthu bodza.

"Pepani bwana, ndilankhuleko. Bambowa analowera nkhuku yanga, osati nsalu yanuyo."

Anthu anafa nalo phwete. Dzanja la bwana linaima m'malere, a Goliati n'kuzyolika ndi manyazi.

"Sindinamalize," anatero a Lufina. "Zaka khumi ndi zisanu ankatsikira pansi pa nthaka ku migodi, ali ndi mantha omwewa, kuti ana anga adye. Palibe anawaombera m'manja, ngakhale ine amene. Avekeni."

Bwana anawaveka. A Goliati sanaiyang'ane n'komwe menduloyo. Ankayang'ana akazi awo, misozi ikutsikira pajekete.

A Lufina anakhala pansi, akukonza duku lawo.

"Musandichititse manyazi ndi kulira apa, inu. Anapiye aja simunawapatse gaga."