Kansalu ka pa Kolala

Bambo a Phwiti amagwira ntchito yopopera vanishi pa mipando. Mwezi wathawu kuntchito kwawo anayamba kuwapatsa tinsalu tomata pa kolala, tofewa ngati pulasitala wa pa bala, topindika mbali iliyonse. Akuti ndi pulasitiki yosakaniza ndi mankhwala ena ake. Kansaluko kamakhala koyera, koma mpweya wa thina wosungunulira vanishi ukachuluka kamasanduka kachikasu, kenako kabulauni.

Lolemba ndikutsuka kontena yawo ya chakudya ndinakapeza katamatidwa kunsi kwa chivundikiro, kali mbee.

"Kodi si kovala aka?" ndinafunsa.

Anaseka. "Tonse timatero, mayi. Tinsalu titatu tikada, kapitawo amatseka chipinda, tonse kunyumba. Ndiye timativala polowa pa geti ndi poweruka. Pakatipa kamapuma limodzi ndi buledi."

"Nanga mapapo anuwo mumawasunganso m'kontena?"

"Inu ndi mantha anuwo!"

Mantha ndili nawo, sindikana. Ndikamachapa panja ndimalowa kawiri katatu kukaika chala pamphuno pa Phwiti. Ali ndi miyezi isanu, ndipo kwa milungu iwiri tsopano akupuma ngati m'chifuwa muli kamluzu. Mkulu wake anayamba chimodzimodzi, m'kabedi komweka. Iye sanafike miyezi isanu ndi itatu. Kuchipatala anati chibayo, ife tinavomera.

Lachitatu atanyamuka, ndinapeza kena kosatsegula m'thumba la jekete yawo. Ndinakumbukira aphunzitsi a sayansi a Fomu 3, amene ankati poyesa chinthu pazikhala chinzake chofananitsira. Ndinakadula pakati ndi sizasi. Theka ndinamata pawindo la kukhitchini, theka lina pathabwa la kabedi, kumutu kwa mwana.

Pofika masana la pawindo linali loyera. La pakabedi linali lachikasu.

Ndinati mwina ndi maso angawa. Ndinasesa posesa kale, ndinapinda matewera opinda kale. Cha m'ma 3 koloko la pakabedi lija linali litada ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinagwada, ndikununkhiza matiresi, bulangete, pansi pa bedi. Palibe chachilendo, fungo la m'nyumba mwathu basi, lija ndimalimva ndi kudziwa kuti mwamuna wanga wafika.

Ndipamene ndinakweza maso. Pamwamba pa kabedi, pa msomali, panali ovolosi yawo ya dzulo, mikono yake ili lende ngati munthu woweramira mwana. Ali nazo ziwiri, amasinthasintha, ine ndimachapa Loweruka. Msomaliwo anaukhoma tsiku limene tinalowa m'nyumbayi, ndili ndi pakati pa mwana woyamba, chifukwa makoma enawo amagumuka ukakhomapo.

Pamene bambo a Phwiti ankafika anapeza kabedi kali pabwalo, ine nditakhala pa sitepe, Phwiti ali pamiyendo. Ndinawaonetsa timagawo tiwiri tija pachikhatho.

"Theka ili linali kukhitchini. Ili linali kumutu kwa mwana wanu, kunsi kwa ovolosi."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula ovolosi imene anavala pomwepo, n'kutsala ndi vesti ndi kabudula. Mayi a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda.

"Alamu, bafa lasamukira panja kodi?"

Bambo a Phwiti anatembenukira kwa ine. Anandifunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti mkulu wake ujanso...?"

"Sindikudziwa, bambo a Phwiti. Palibe amene adzatiuze. Koma uyu mawa tikupita naye kuchipatala tonse awiri, ndipo mukawauze adokotala dzina la zimene mumapoperazo."

"Ndikawauza."

Phwiti atamva mawu a bambo ake anayamba kupalasa miyendo, kamluzu kaja kakulira pang'onopang'ono. Iwo anatambasula manja kuti amunyamule, monga amachitira tsiku lililonse asanasambe n'komwe. Anaima. Ananunkhiza zikhatho zawo, kuseri ndi kutsogolo, n'kuzibisa kumbuyo.