Golovesi Limodzi Lokha

"Manja awa," anatero madala Athol, atawayala pa kauntala ya Mayi Thelma ngati nyama yogulitsa, "sanavalepo kanthu chibadwire. Ngakhale mphete ya ukwati inakana kulowa. Ndakoka nawo waya waminga theka la dera lathu lino la Queensland, ndatola nawo khala la moto kuyatsira ndudu. Chitsulo chikandiona chimayamba chokha kuzizira. Tsiku limene mudzandione nditavala golovesi, mudzadziwe kuti ndili m'bokosi ndipo wina wandiveka mwachipongwe."

Ankanena ine, Clarrie, mnzawo wa pantchito kwa zaka khumi ndi zinayi. Ndinali nditaunjika magolovesi onse a m'sitolomo patsogolo panga, ndikuwayesa limodzilimodzi.

Sukulu ndinalekera panjira, koma ya magolovesi ndinamaliza. Achikopa chokhuthala aja, ukawavala mu Disembala manja amapsa ngati mbatata ya m'phulusa, ndipo ukati utole msomali umakhala ngati ng'ombe ikufuna kusoka. Ndiye mayeso anga ndi atatu. Ndimapemerera kuseri kwake: mpweya ukapanda kufika pakhungu, ataye. Ndimatola nawo kakhobidi pa kauntala. Pomaliza ndimamanga nawo batani la malaya, la pamimba penipeni, limene limavuta ngakhale ndi zala zosavala.

Amene anakhoza mayeso onse anali amodzi okha: kuseri nsalu ya timabowo, kuchikhatho chikopa chopyapyala cha mbuzi. Mtundu wake pinki.

"Amenewo ndinaitanitsira atsikana okwera akavalo," anatero Mayi Thelma. "Aakuluwo palibe amene anawakwana."

"Wapezeka mtsikana wake!" anakuwa Athol. "Mayi, mumuonjezereko ndolo. Iwe Chimimba, ukavala zimenezo ukakwera kumbuyo ndi agalu."

"Madala, agalu amanunkha bwino kuposa inu. Mayi, kulungani."

Limeneli linali Lolemba. Lachitatu tinazungulira mijigo yoyendera mphepo imene imamwetsa ng'ombe za Mayi Glenys, abwana athu, monga timachitira sabata iliyonse. Wa Nambala Seveni uli kutali kuposa yonse, ndipo kanjira kopatukira kumeneko ndi ka miyala yothyola msana. Tili pamsewu tinaona gudumu lake likuzungulira bwinobwino pamwamba pa nsanja, likung'anima.

"Ukuyenda uja," anatero Athol. "Tiye."

Lamulo ndi lakuti uzipita mpaka pathanki, ugogode, umve madzi. Ndinkalidziwa. Koma ndinkadziwanso kuti kunyumba mufiriji muli botolo likundidikira, ndiye ndinaponda moto.

Loweruka, titapitako ku Nambala Seveni kuja, tinazimva ng'ombe tisanazione. Si kulira kwa masiku onse kuja. Kunali kosasa, ngati macheka obuntha. Akhwangwala anali atandandalika pa waya ngati oitanidwa. Ndinatsika n'kugogoda thanki, ndipo inandiyankha ngati ng'oma. Momwera ng'ombe munali fumbi ndi buluzi wakufa.

Bawuti yolumikiza ndodo yokoka madzi ku makina a pamwamba inali itaduka. Ndodo inatitimira m'chitsime, gudumu n'kumazungulira lokha, lopanda katundu. Mwina n'chifukwa chake Lachitatu lija linkathamanga mokongola chonchija.

Ng'ombe zimenezi zinali zana limodzi ndi makumi atatu, ndipo ndi zokhazo zimene zinatsala. Chilala chisanabwere Mayi Glenys anali nazo zikwi ziwiri. Amuna awo anamwalira chaka chachitatu cha chilalacho, iwo n'kumadula okha nthambi za mitengo kudyetsa misoti imeneyi kuti khola lisafe. Tsopano itatu inali itagona kale pansi, makosi atatambasuka.

Ndinawaitana Mayi Glenys pa wailesi ya m'galimoto.

"Zakhala masiku angati?" anafunsa.

"Awiri, mayi. Mwina atatu."

"Lachitatu simunapiteko?"

Ndinayang'ana Athol. Athol anayang'ana nsapato zawo.

"Tinaona gudumu, mayi."

Wailesi inangoti sii. Ndikanakonda akanatukwana. Atayankhulanso anati galimoto ya madzi ya aneba ili kutali, singafike mpaka mawa masana.

"Ng'ombezo sizifika mawa, Clarrie. Ukudziwa iwenso."

Kuziyendetsa kupita ku mjigo wina kunali kuzipha panjira. Kudikira kuti dzuwa lipepe kunali kuwonjezera zogona pansi. Nthawi inali itangokwana leveni, dzuwa likuswa mtengo, mphepo itafa ndithu. Ubwino wake unali umodzi: gudumu loima silingakudule mutu.

Ntchito yake ndi ya anthu awiri. Wina pansi amakweza ndodo ndi jeke ndi tcheni, wina pamwamba amalunjikitsa mabowo n'kulowetsa bawuti. Ine ndi thupi langali, ndiponso chigwereni pa nsanja ina ndili mnyamata, malo anga ndi pansi. M'bokosi la zida tinapeza bawuti imodzi yokha yolingana.

Masiku onse zitsulo timayamba taziviika momwera ng'ombe kuti zizizire. Lero munalibe poviika. Ndinakhudza makwerero ndi chala n'kuchichotsa msanga.

"Madala, tengani awa." Ndinawapatsa apinki aja. "Palibe akuona. Ng'ombe sizinena."

"Ndakwera nsanja iwe usanamere mano."

"Nthawi imeneyo dzuwa linali laling'ono. Tengani."

Analavulira m'manja, mate ake ochepa, n'kuyamba kukwera. Anakwera mofulumira kwambiri kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Sindinaganize kuti ndi mphamvu. Munthu akaponda mchenga wotentha amathamanganso. Atafika pamwamba ndinawaona atapana manja m'khwapa.

"Kuli bwanji kumwambako?"

"Kukuzizira! Kweza ndodo, usiye phokoso!"

Ndinapopa jeke. Ng'ombe zinali zitagwetsa kale kampanda ka mjigo, ndipo zinandiunjirira, zikununkhiza msana wanga. Tcheni inaterereka kawiri. Kachitatu inagwira, ndodo n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono.

"Pang'ono! Wapitiriza! Bweza! Iwe, uli ndi maso kapena mabatani?"

Tinalimbana nazo pafupifupi ola lathunthu. Nthawi yonseyi bawuti ija inali pa chitsulo chopondapo, pamene anaiika kuti manja onse agwire ndodo. Inali ikuwotha dzuwa mwakachetechete.

"Basi! Gwira pomwepo!"

Ndinayang'ana kumwamba. Ndinaona dzanja likutsika kukatola, kenako likudumpha lokha ngati lalumidwa ndi chinkhanira. Bawuti inamenya chitsulo china, ngwee, inamenyanso china, n'kugwera pakati pa ng'ombe.

"Yaterereka ndi girisi!" anakuwa Athol.

Ndinagwada n'kuyamba kukwawa pakati pa miyendo. Fumbi la pamenepo ndi lofika m'kakolo, loponderezedwa ndi ziboda mazana asanu. Ndinalisefa ndi zala. Ndinapeza mwala, chivindikiro cha botolo, dzino la nyama. Msoti wina unayamba kunyambita thukuta la pakhosi langa ndi lilime louma ngati tupa, ndipo sindinauthamangitse. Ndinali nawo mlandu. Kumbuyo kwanga ndinamva ina ikugwa, osati kugona, kugwa, ngati thumba lochoka pa lole. Yachinayi.

Ndinapemphera, ine amene ku tchalitchi ndimangopitira maliro. Bawuti sinapezeke.

Ndiye ndinapita kukaiba kwa galimoto. Ndinalowa pansi pake ndi sipanala, ndikuyesa iliyonse ndi diso, mpaka ndinapeza imene imagwira tayala lapadera. Inali yaitali pang'ono koma kunenepa kwake komweko. Magolovesi aja anagwira nati ngati zala zanga zomwe, ndipo ndinaganiza kuti ndikapulumuka ndikapsompsona Mayi Thelma, amuna awo ali pomwepo.

"Madala! Tsikani mudzatenge!"

"Bweretsa."

"Mukudziwa kuti ine sindikwera."

"Ndati bweretsa. Ndikupuma."

Pamenepo ndinadziwa kuti sakupuma. Sakanatha kutsika.

Ndinamangirira tcheni kuti ndodo isabwerere. Bawuti ndinaiika m'kamwa, nati m'tsaya lina, chifukwa thumba langa ndi lobooka ndipo m'kamwa ndi mokhamo mmene munatsala mthunzi. Ndinagwira makwerero. Kutentha kunadutsa chikopa koma kunafika ngati moni, osati ngati mbama. Sindinayang'ane pansi. Nsanja inkalira pa sitepe iliyonse, ikudandaula za mapayi onse a nyama amene ndadya moyo wanga. Ndili pakati ndinaima, chipumi chitatsamira dzanja, mpaka kulira kwa ng'ombe kunandikankha.

Pamwamba ndinapeza Athol atakhala, zigongono pa mawondo, manja atabisa pansi pa chipewa.

"Wachedwa," anatero.

Ndinalavulira bawuti m'chikhatho. Mabowo anali atasiyana pang'ono, ngati kunenepa kwa chikhadabo. Ndinakankha ndodo ndi phewa, ndikugwedeza bawuti ndi zala ziwiri, thukuta likulowa m'maso. Inakana, inakana, kenako inalowa yokha ngati sinakanepo. Nati ndinaizungulitsa ndi nsonga za zala, ndikuinyengerera ngati mwana wodwala, chifukwa ikanagwa iyoyo ndikanaitsatira. Inagwira. Ndinamanga ndi sipanala mpaka nati inakana kuzungulira.

Kenako ndinakumbukira tcheni. Ndinatsika, ndinamasula, ndinakweranso. Za ulendo wachiwiriwu sindifuna kukamba.

Tinakhala pamwamba tonse awiri, tikudikira mphepo. Kuchokera pamenepo umaona dziko mpaka kumene limathera, ndipo panalibe tsamba limodzi logwedezeka. Masiku atatu gudumu linazungulira pachabe, lero lili ndi ntchito langoti njo. Pansi akhwangwala awiri anali atatera kale pafupi ndi ng'ombe yoyamba kugona, akuyenda chammbali ngati anthu amanyazi.

"Tizungulitse ndi manja," ndinatero.

Ndinagwira mkombero wa gudumu n'kukoka. Linayenda mosavuta pamene ndodo inkatsika. Itayamba kukwera, itanyamula madzi onse a m'paipi, linalemera ngati ndikukoka ng'ombe m'matope. Ndinafika nalo pafupi ndi pamwamba, mphamvu n'kutha, lonse n'kubwerera. Ndinayesanso. Linabwereranso, n'kutsala pang'ono kundikokera kunja. Kachitatu ndinaona timoto m'maso.

"Ndekha sindingathe, madala. Pakufunika dzanja limodzi lokha, lokankha pamene ine ndalekezera."

Anaimirira. Anaponya chipewa pansi, anagwira mkombero ndi dzanja lamanja, ndipo anatulutsa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu wamkulu, ngati kagalu kopondedwa. Anasiya. Anayesa ndi lamanzere, mano ataluma. Linakhalapo nthawi yokwana kuphethira kawiri.

Anavula malaya kuti akulunge dzanja. Nsalu inaterereka pa chitsulo, gudumu osasuntha.

M'galimoto wailesi inkaitana. Mawu a Mayi Glenys ankafika pamwamba ang'onoang'ono: "Clarrie? Athol? Madzi atuluka? Clarrie?" Pansi ina inagwada ndi miyendo yakutsogolo, n'kukhala choncho, ikuganiza.

Ndine munthu wa pakamwa, aliyense ku tauni angakuuzeni, koma apa ndinatseka. Ndinangoyang'ana ng'ombe ija.

Athol anatambasula dzanja lamanja. Chikhatho chinali matuza okhaokha, ena ataphulika, khungu loyera litapindikira m'mbali ngati pepala lonyowa. Mizere ya makwerero inkawerengeka.

"Limodzi lokha," anatero, osandiyang'ana.

Ndinavula lamanja. Zala zawo zinali zitatupa moti sakanatha kudziveka, ndiye ndinawaveka ine, chala chimodzichimodzi, iwo akutukwana kumwamba. Ndinamanga kalamba ka pamkono.

Ndinakoka ndi lamanzere, iwo anakankha ndi lamanja. Gudumu linafika paja limakanira, linaima, linanjenjemera, n'kudutsa. Tinalizungulitsanso. Ndi kachikenanso. Sindikudziwa kangati. Kenako pansi paipi inatsokomola kawiri, n'kulavula matope ofiira momwera, ndipo ng'ombe zonse zoimirira zinatembenuka nthawi imodzi.

"Musasiye, madala!"

"Ndani wasiya? Koka, Chimimba!"

Ndipo anakankhanso, maso ali gwa kutsogolo, ali moyo ndithu, kunja kwa bokosi, dzanja lawo la pinki likukwera ndi kutsika pamwamba pa nsanja, poonekera dziko lonse.