Nsalu ya Maliro a Mbaha

Ana a sukulu aja anafika m'mudzi mwa a Mbaha, pachilumba cha Sumba, mvula itangosiya. Anachokera ku yunivesite ina ya ku Australia, kumene ankaphunzira za malonda, ndipo anabwera kudzakhala masabata ochepa. Akuti adzaphunzitse amayi owomba nsalu kagulitsidwe kabwino. A Mbaha sanadabwe. Anali ataona alendo ambiri obwera kudzathandiza, ndipo aliyense ankabwerera kwawo chikwama chili tho.

Amene anawaitana anali Lodu, mwana wa a Mbaha, wa Chingelezi chotolera m'mahotela. Tsiku lofika, mlendo aliyense anamukoleka kansalu m'khosi ngati mphatso, monga mwa mwambo, n'kumupatsa pinangi, mtedza wofiiritsa m'kamwa, woti atafune. Anawo analavula malovu ofiira uku akuseka, akujambulana.

A Mbaha anali ndi nsalu imodzi yosagulitsa. Amene anaiwomba anali malemu a Kahi, mkazi wawo, chaka chimene anayamba kudwala. Inali ya akavalo ofiira oyang'anizana. "Mukadzamwalira adzakukulungeni m'menemu," anatero a Kahi poipinda. "Kumeneko anthu ndi ambiri, ndipo maso angawa mukuwadziwa. Ndidzakuzindikirani ndi akavalowa." Kuyambira pamenepo nsaluyo inkakhala m'dengu, kudenga kwa nyumba.

Tsiku lina a Mbaha anakwera kuti aiyanike. Dengu linali lopanda kanthu.

"Lodu, nsalu ya mayi ako ili kuti?"

Lodu anayang'ana pansi. "Ndimangofuna aone ntchito yeniyeni, Bambo. Ndinamufunditsa Fiona, mtsikana wamtali uja, kuti amve kulemera kwake. Iye anayesa ndi mphatso ngati za tsiku lija. Anathokoza mpaka kulengeza misozi."

"Ndiye iwe unatani?"

"Ndinamwetulira."

"Unamwetulira. Chingelezi chonse chija chinathawira kuti?"

"Musakweze mawu, Bambo. Mlendo salandidwa chimene wathokoza kale, munandiphunzitsa ndinu. Ndimuuza bwinobwino tsiku lotsanzikana."

A Mbaha anadziwa kuti zinali zoona, anamuphunzitsa ndiwo. Masiku otsatirawo ankamuona Fiona akudutsa, n'kumuweramira ngati mmene aweramira mlendo.

Tsiku lotsanzikana linafika. Anaika tebulo pakati pa mudzi, pafupi ndi mwala wa manda a a Kahi. Ana a sukulu anayankhula mosinthana, Lodu akumasulira. Anati nsalu zazikulu n'zodula, alendo oona malo sangazikwanitse. Alendo amakonda tinthu ting'onoting'ono tolowa m'thumba. Kenaka Fiona anavundukula tebulo.

Panali timatumba ta m'manja, tosokedwa bwino kwa telala wa m'tauni, ta zipi zonyezimira. Pa kena panali miyendo ya kavalo. Pa kena mchira.

Palibe mayi anawomba m'manja. Danga, mkazi wa Lodu, anagwira pakamwa. Mphunzitsi wa anawo yekha ndiye anawomba, n'kusiya msanga.

A Mbaha anaimirira pang'onopang'ono, nafika patebulo. Ananyamula kathumba kamodzi, naona pamene a Kahi ankakonda kulakwitsa ulusi akatopa. Fiona anawamwetulira nanena kanthu.

"Akufunsa ngati mwatikonda," anatero Lodu.

"Umuuze kuti wandiduladula ndisanafe."

Lodu anayankhula Chingelezi chachifupi, ndipo mtsikanayo anagwedeza mutu mosangalala.

"Wamuuza chiyani, galu iwe?"

"Kuti n'tokongola."

"Umuuze zoona. Mayi ako ali apa akumva." Analoza mwala.

Ulendo uno Lodu anayankhula nthawi yaitali. A Mbaha sanamve liwu lililonse, koma anaona nkhope ya mtsikanayo ikusintha. Anayang'ana mwala uja, nayang'ana timatumba, kenaka anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira. Anzake anamuzungulira, kumusisita pamsana, kumupatsa madzi. A Mbaha anaima okha, kathumba kali m'manja. Zimatero ndithu: wolakwa akalira, ndiye apepesedwa.

Sanakalipe. Anangopempha timatumba tonse, ndi tizidutswa totsala kwa telala. Lodu anakwera njinga yamoto, nabwera nato m'jumbo. Kathumba kamodzi kanasowa. Fiona anali atakatumiza kale kwawo kuti akuluakulu a yunivesite akaone ntchito ya ana awo. Fiona analonjeza kuti adzakabweza. A Mbaha anamuweramira. Malonjezo a anthu okwera ndege ankawadziwa.

M'mawa mwake basi inabwera kudzatenga alendowo. A Mbaha sanapite kumsewu. Anakhala pakhonde ndi kampeni, akumasula ulusi wa telala, zipi akuziponya m'chibade cha kokonati. Danga anabwera ndi singano nakhala pambali pawo. Anayala zidutswa pamphasa, mwendo kufuna thupi lake, mchira kufuna kavalo wake. Pofika masana nsalu inaoneka, yochepa kuposa kale, ya mabala paliponse. Pakati panatsala bowo, pamene panali mutu wa kavalo wamkulu.

"Bambo, ndiwombe kachidutswa kena titsekepo?" anafunsa Danga. "Ulusi wofiira ndili nawo."

"Ayi. Apongozi ako sangalidziwe dzanja lako."

"Nanga tidikire kaja kabwere?"

A Mbaha anapisa chala pabowopo, nayang'ana kumwala.

"Ine sindingadikire positi, mwana wanga. Soka choncho. Mukadzandikulunga, bowoli mudzaliike pankhope. Akapanda kudziwa kavalo, mwina adziwa ine."

Danga analowetsa ulusi m'singano nayamba kusoka.