Mizere Isanu ndi Umodzi ya Pilira

Kalata ya aphunzitsi inafika Lachisanu, tsiku lotsekera sukulu, ili m'chikwama cha Pilira pamodzi ndi khoko la nthochi. Inali yaifupi ndiponso yaulemu, koma sinasiye mpata wokambirana. Inanena kuti tsitsi la mwanayo lapiringizana mopitirira muyeso, ndipo kuti Lolemba lotsegulira, patatha masiku khumi, adzabwere litalukidwa bwino kapena litametedwa.

Geofrey anaiwerenga kawiri ataima pakhomo la chipinda chawo cha lendi ku Nellmapius, kutali ndi kwawo ku Malawi, nsapato zake zikadali ndi dothi la ku Garsfontein kumene ankasamalira dimba la banja lina. Kenako anaipereka kwa mkazi wake Falesi, amene anali atangotsika takisi kuchokera ku ntchito yake ya m'nyumba.

"Kumeta n'kosavuta," anatero Geofrey motsitsa mawu. "Sizasi ilipo."

"Munalonjeza, bambo a Pilira."

Analonjezadi, ndipo lonjezolo linali ndi mbiri yake. Awiriwa anakulira ku Balaka, kumene mtsikana aliyense wa ku pulayimale ankameta, ndipo wobwera ndi tsitsi lalitali ankabwezedwa pageti. Falesi sanasiye chizolowezicho. Mpaka lero amameta n'kuvala duku, motero sanaphunzirepo kuluka, ngakhale kulukidwa kumene. Pamene Pilira ankayamba Giredi R, kalasi yoyambira sukulu kuno, mu Januwale, makolowa anachita chimene ankachidziwa kuti ndi ulemu kwa aphunzitsi: anam'meta mpala, n'kumudzoza mafuta mpaka mutu kunyezimira. Masana mwana anabwera ali duu. Anzake anali atamutcha "chiskop", ndilo dzina la mpala m'makwalala a kuno, ndipo popita kuchimbudzi anamukankhira pamzere wa anyamata. Analira milungu iwiri. Pamapeto pake Geofrey anagwada pasimenti, nayang'ana mwana wake m'maso, n'kumuuza kuti sizasi sidzakhudzanso mutu wake.

Tsitsi litakulako, Falesi anapita naye kwa mayi wina woluka pafupi ndi pokwerera matakisi. Mayiyo anamupana pakati pa mawondo ngati mbuzi yofuna kumwetsedwa mankhwala, ndipo Pilira anakuwa mpaka mawu kusasa. Kuyambira tsiku limenelo sankalola dzanja la mlendo kufika pamutu pake, ndipo chipeso ankachibisa kunsi kwa matiresi.

Choncho njira zinali ziwiri zokha. Kaya makolo aphunzire kuluka m'masiku khumi, kaya bambo aphwanye mawu ake kwa mwana wa zaka zisanu.

"Ndiluka ndine," anatero Geofrey. "Ndinayamba kuluka mikeka ndi zingwe za khonje ndisanadziwe kulemba dzina langa. Tsitsi ndi chiyani? Si timinga titatu tomwe tija?"

"Timinga?"

"Tizingwe, ndikutero. Musandikole pakamwa."

Loweruka lonse anaonerera pafoni mmene oluka amatolera tsitsi pang'onopang'ono potsata mzere, ndipo anaona kuti zala zake zikuidziwa kale njirayo. Lamulungu atachoka kutchalitchi anaika kireti pamthunzi wa khoma, naitana mwana. Pilira anabwera yekha, chifukwa manja anali a bambo ake, komanso chifukwa kalata ija anali ataimva.

Geofrey anachita zonse monga anaphunzirira kwa amalume ake. Woluka mkeka amayamba wanyika mlaza m'madzi kuti ufewe, ndipo amaukoka mwamphamvu, podziwa kuti ukamauma udzagwirana n'kukhala zaka. Iyenso ananyowetsa tsitsi mpaka madzi kuyenderera m'khosi mwa mwana, nalikoka, nalipota. Mizere isanu ndi umodzi inatuluka yowongoka ndi yolimba ngati ya makina. Pilira anangoluma mlomo osatulutsa liwu.

Neo, mayi mwini nyumba, anatulukira atanyamula mbale za zakudya zimene ankagulitsa pageti. Agogo ake anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ku migodi zaka zambiri zapitazo, ndipo Chichewa chake chinali chotolatola, koma chinkakwanira kunenera zimene akufuna.

"Eish, Achimwene! Taonani maso a mwana. Akwera m'mwamba ngati wadzidzimuka."

"Ntchito yolimba imaoneka choncho, Neo."

"Yolimba? Nsidze zake zafika pachipumi, neh? Pilira, nana, tayesa kutsinzina."

"Chingwe chomasuka ndi manyazi a woluka," anayankha Geofrey, akupukuta manja ake monyadira.

M'mawa wa Lolemba Falesi anapeza mwana atakhala tsonga pabedi, khosi lili gwa, akuopa kutsamira pilo. Tsitsi linali litauma, ndipo linachita zimene mlaza umachita. M'mphepete monse mwa chipumi munali tiziphuphu totupa, kamodzi patsinde la kachingwe kalikonse.

"Sizikupweteka, Amayi," anatero Pilira mofulumira, misozi ikutsika. Kenako anatembenukira kwa bambo ake. "Sizikupweteka, Abambo. Musamete."

Falesi anamasula mizere yonse ndi zala, ngakhale ankadziwa kuti achedwa kuntchito. Pafupi ndi khutu lamanzere kachipukutu ka tsitsi kanatsalira m'dzanja lake. Anakaonetsa kwa mwamuna wake, n'kukakulunga m'pepala.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, Geofrey, Falesi ndi Neo anakumana pabwalo, Pilira akusewera ndi ana a Neo kutsogolo. Geofrey anali asanagonje.

"Sindinakoke mopitirira. Ndinagwira monga ndimagwirira nthawi zonse."

"Ndiye vutolo limenelo," anatero Neo. "Mkeka wanu ulibe khungu, Achimwene. Tsitsi mukalikoka lonyowa limatalika, likauma limabwerera. Likubwerera likoka chiyani? Mutu wa mwana!"

"Ana a masiku ano ndi ofewa. Ife..."

Sanamalize. Falesi anaviika zala m'kapu ya madzi, nagwira ndevu za mwamuna wake pachibwano, n'kuzigawa patatu. Kuluka sankadziwa, koma anali ataonerera dzulo lake ndipo kukoka anakuona bwino. Anapota kamodzi, nakoka monga Geofrey ankakokera.

"Mayo! Make Pilira, mwapenga kodi?"

"Limbani mtima," anatero Falesi modekha. "Si mmene munkamuuzira? Uwu ndi mzere woyamba. Yatsala isanu."

Neo anaseka mpaka kukhala pansi. Geofrey anapukuta msozi umene unatuluka wokha, ndipo kwa nthawi yaitali anangoyang'ana manja ake, akulu, a zikang'a, amene sanamuchititsepo manyazi m'moyo wake wonse.

"Masiku atsala angati?" anafunsa potsiriza.

"Asanu ndi limodzi," anayankha Falesi. "Ndipo mutu wa mwana suyesereredwanso. Upole kaye."

Anagawana ntchito. Neo anapereka mutu wake kwa Falesi kuti aphunzirirepo kumasula tsitsi kuyambira kunsonga kupita kutsinde, kulidzoza mafuta a nsatsi, ndi kugawa mizere ndi mchira wa chipeso. Madzulo alionse Falesi akatsika takisi ankapeza Neo atakhala kale pakireti akusenda mbatata. "Haibo, sisi, imeneyo ndi njira ya kumigodi kapena mzere?" Koma mkazi amene wasita malaya a ena zaka zisanu ndi ziwiri amadziwa mzere wowongoka, ndipo pofika Lachinayi Neo analibe chonyoza.

Vuto linali la Geofrey. Kugwira mutu wa mkazi wa mwini sakanatha, ndipo mutu wa mkazi wake unalibe chogwira. Lachiwiri masana, akudya buledi kuseri kwa dimba la ku Garsfontein, anayang'ana mbande za anyezi zimene anafesa m'mabokosi a mchenga wofewa. Zinali m'mizere, masamba ake aatali ngati chala ndi theka, mizu yake yosagwira kwenikweni. Anaika buledi pansi. Anatenga masamba atatu, nayamba kuluka motsata mzere, akutola mbande yotsatira pa kupota kulikonse. Asanafike pakati, mbande zisanu ndi zinayi zinali zitazuka.

Anazibzalanso, nayambiranso. Lachitatu zinazuka zinayi. Anazindikira kuti mphamvu siyenera kuchoka paphewa monga poluka chingwe, koma pansonga za zala, ndi kuti kupota koyamba kwa patsinde ndiko kuyenera kukhala komasuka koposa konse. Zimenezi zinali zotsutsana ndi chilichonse chimene amalume ake anamuphunzitsa, ndipo zala zake zinkakana ngati ng'ombe yozolowera goli lina. Lachisanu mayi mwini dimba anamupeza atawerama pabokosi, anyezi onse atalukidwa mizere itatu. Anaima, nayang'ana anyeziwo, nayang'ana Geofrey, kenako anafunsa ngati imeneyo ndi njira ya ku Malawi yolimira. Geofrey anayankha mwaulemu kuti ayi, ndi ya ku Nellmapius. Tsiku limenelo sinazuke mbande ndi imodzi yomwe.

Loweruka m'mawa tiziphuphu tinali titapola. Falesi anaika kireti pamthunzi, mafuta a nsatsi ndi chipeso pambali pake. Pilira ataona zimenezo anathawira kuseri kwa thanki ya madzi, manja onse awiri ali pamutu.

"Bwera, mwanawe. Lero sizipweteka," anatero Geofrey.

"Munateronso tsiku lija."

Mwanayo ankanena zoona. Geofrey anakhala pampando wake kwakanthawi. Akanatha kumugwira ndi mphamvu, monga mayi wa kumatakisi uja, ndipo mizere ikanalukika. Koma vuto la tsiku lija silinali kukoka kokha ayi. Mwana anamva kuwawa n'kukhala chete chifukwa choopa sizasi, ndipo akanakhalanso chete lero. Anyezi amazuka okha, koma Pilira sakanadandaula.

"Make Pilira, ndipatseni ulusi uja mumasokera."

Anadula ulusi wotalika mkono umodzi. Mbali imodzi anaimanga mfundo yolimba pandevu zake, pamalo pomwe Falesi anakoka paja. Mbali inayo anaitambasulira kuthanki.

"Tamvera, Pilira. Iwe ugwira uku. Ndikakupweteka ngakhale pang'ono, usalankhule, ungokoka. Ukoke ndithu. Ukamva kuwawa iwe, ndimvenso ine."

Mutu unasuzumira kuseri kwa thanki. "Ndikakoka simukwiya?"

"Sindikwiya."

"Simumeta?"

"Sizasi ili kwa Neo. Ndam'patsa dzulo."

"Ili m'kabati mwanga, nana, ndakhoma," anatero Neo ali pageti. "Ndipo belu la pandevu limenelo ukatopa nalo undibwerekeko, neh?"

Pilira anabwera pang'onopang'ono, nakulunga ulusi pachala chake, n'kukhala pakireti. Falesi anamasula tsitsi kuyambira kunsonga, louma, lodzozedwa mafuta okha, nagawa mzere woyamba kuchokera pachipumi kufika kunkhongo. Geofrey anatenga tizingwe titatu. Pa kupota kwachitatu dzanja lakale linabwerera, ndipo ulusi unakoka mwamphamvu mpaka mutu wake kugwa m'tsogolo.

"Pepa," anatero, maso atadzaza misozi. Anamasula n'kuyambiranso.

Mzere woyamba unatenga pafupifupi theka la ola. Wachiwiri unayenda bwino. Pa wachinayi ulusi unakokanso, ndipo Geofrey anaima msanga.

"Pati pamene papweteka?"

"Palibe," anatero Pilira, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. "Ndimafuna ndione ngati ukugwirabe ntchito."

"Mwana wopanda chisoni ngati amake," anadandaula Geofrey.

"Lukani, bambo, dzuwa likukwera," anatero Falesi.

Pafupi ndi khutu lamanzere, pamene tsitsi linathothoka, Falesi anakhotetsa mzere dala kuti pasakhudzidwe. Geofrey anauyang'ana mzere wokhotawo ndipo nkhope yake inakwinyika, pakuti m'moyo wake sanasiyepo ntchito yokhota. Komabe anauluka momwemo. Atamaliza, Neo anabwera kudzayendera ngati woyang'anira mayeso. Analowetsa nsonga ya chala kunsi kwa mzere uliwonse, nauza mwana kuti atsinzine, akweze nsidze, agwedeze mutu.

"Shapu," anatero. "Si yokongola ngati ya tsiku lija. Ikhala mlungu umodzi, mwina masiku khumi."

"Mlungu umodzi wokha?" anafunsa Geofrey. Mikeka yake inkakhala zaka zisanu.

"Kenako mumasula, mutsuka, mulukanso. Mpaka adzakule, Achimwene. Mumaganiza kuti mwamaliza?"

Lolemba m'mawa onse awiri anamuperekeza mpaka pageti la sukulu, ngakhale zinatanthauza kuima kumapeto kwa mzere wa matakisi. Aphunzitsi anayang'ana mutu wa mwanayo, nagwedeza mutu wawo movomereza, n'kupitiriza kulandira ana ena. Pilira anathamangira kwa anzake, koma asanafike anabwerera. Geofrey anali akukanda pachibwano pamene ulusi unasiya kabala.

"Ndevu izi zandikwana," ankauza mkazi wake. "Madzulo ano ndikazichotsa zonse."

Pilira anamugwira buluku, namuyang'ana mwaukali.

"Musamete, Abambo. Loweruka ndidzamanga pati ulusi wanga?"

Geofrey anayang'ana Falesi, koma Falesi anali akuyang'ana kumsewu, dzanja lili pakamwa. Ndipo bamboyo anagwada pafumbi la pageti, pamaso pa makolo ena onse, nalonjeza kachiwiri.