Chitsime cha Che Sufiyani

Chitsime chimene Che Sufiyani anakumba kumunsi kwa munda wawo ku Ngokwe sichinkaphwa, ngakhale m'chilimwe pamene mitsinje ya kumeneko inkasanduka mchenga wokhawokha. Mkazi wawo, Sakina, ankachisamala ngati mwana. Ankasesa pozungulira, kuthamangitsa mbuzi, ndi kukalipira aliyense woviikamo ndowa yakuda. Amayi a m'midzi yoyandikana ankatunga pomwepo.

Kumtunda kwake kunali esiteti ya thonje ya bwana wina wamkulu, amene anthu sankamutchula dzina mokweza. Chaka china antchito ake anakumba dzenje m'malire, n'kutayamo zitini ndi migolo ya mankhwala opopera thonje, ina yosatsegula n'komwe koma yodyeka ndi dzimbiri. Anakwirira n'kumapita.

Mvula ya chaka chotsatira itatha, Sakina ndiye anayamba kulimva fungo m'madzi a m'chitsimecho. Linali lochepa, lofanana ndi la malaya a munthu amene wachokera kopopera. Kenako anapeza achule atafa, akuyandama chagada. Mbuzi zake zinapoloza. Che Sufiyani, amene ankamwa madzi ambiri chifukwa chotandala kumunda, anayamba kudandaula mutu, ndipo manja awo ankanjenjemera mpaka kutaya tiyi. Kuchipatala anati ndi malungo, n'kuwapatsa mapiritsi.

Sakina anakadandaula kwa a Blasius, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, bambo wofatsa woyenda pa njinga yakapalasa. Iwo anabweradi ndi mabotolo komanso chitsulo chobowolera nthaka. Anatunga madzi n'kuwanunkhiza. Atatero anayamba kubowola, kuyambira pachitsime kulowera kumtunda, akuika dothi m'timatumba. Pafupi ndi malire dothi linatuluka lotuwa, lonunkha moti iwo anatembenuza nkhope.

"Mwapezamo chiyani, bambo?" anafunsa Sakina.

"Maso sapima, mayi. Izi zipite ku Blantyre, akaone ndi makina. Koma pakadali pano, ngati kuli kwina kotunga, tungani kumeneko."

Kwinako kunali mjigo wa kuseri kwa phiri. Munthu akanyamuka m'mawa ankabwerako dzuwa lili paliwombo, ndi ndowa imodzi. Sakina anayesa, koma mawondo ake anali atatha kale, ndipo kunyumba ankasiya wodwala. Mwana wake Zaina anali ndi pakati, sakanatha kukwera phiri.

Nkhani ya mabotolo inamveka. Pa msonkhano wa chipani, a Lyford, tcheyamani wa nthambi, anaimirira n'kunena kuti thonje ndi chitukuko, ndipo pali anthu ena amene akufalitsa mabodza oti mankhwala a thonje akupha anthu. Anati anthu otero ndi adani a boma, ndipo adani a boma amadziwika kumene amapita. Sanatchule dzina. Sakina anakhala pakati pa amayi anzake atazolika, akumva kuti amene anali pambali pake akusendera pang'onopang'ono.

A Blasius anabweranso chilimwe chitafika pakati, alibe botolo ngakhale limodzi. Mpando anaukana.

"Ndabwera kudzatsazika. Andisamutsira ku Balaka."

"Nanga madzi aja?" anafunsa Sakina.

"Mabotolo anafika. Anandiuza kuti ndisafunsenso."

"Ndiye kuti madziwa ali bwino?"

"Iyayi, mayi. Sindinatero."

"Tikamawiritsa?"

"Kuwiritsa kumapha tizilombo. Zili m'madzimu si tizilombo."

Che Sufiyani, amene anagona pamphasa pakhonde, anadzutsa mutu. "Ndikachira ndikumba china, uko kumunsi kwa mango."

A Blasius anayang'ana kumtunda, kenako kumangoko. "Madzi a pansi amayenda ngati a pamtunda, Che Sufiyani. Onse a mbali ino amadutsa pansi pa dzenje lija. Pokhapokha atafukula migolo ija n'kuchotsa dothi lonselo."

"Afukule ndani?" anafunsa Sakina.

A Blasius anangotsazika. Anakankha njinga mpaka kumsewu asanaikwere.

Chimene Sakina anakwanitsa ndi kutumiza Zaina ku Nselema kwa mayi ake aang'ono, kuti akachirire kumeneko. Zaina anakana kusiya bambo ake ali chigonere, koma mayi ake anamumangira okha katundu. Mwana anabadwa wamoyo, wochepa thupi. Sakina anatumiza uthenga woti asabwere naye.

Che Sufiyani sanachire, ngakhale kuti sanamwalire. Khasu linawakanika, ndipo tsiku la Ijumaa ankachita kuwagwirira popita ku mzikiti. Tsiku lina anaitana amuna a m'mudzimo n'kuwapempha kuti achikwirire chitsimecho, popeza amene anachikumba ndi iwowo. Amunawo anayang'anana. Wina anati akachikwirira ana amwa chiyani. Wina anati a Lyford akafunsa chifukwa chake, ayankha ndani. Anamwazikana mmodzimmodzi.

M'mawa wina Sakina anapeza pachitsime mtsikana wongokwatiwa kumene m'mudzimo, Modester, ali ndi khanda kumbuyo. Chapafupi, pansi pa mtengo, panakhala mnyamata wa chipani wa malaya ofiira, akuona makhadi a chipani a anthu odutsa.

"Amayi," anatero Modester motsitsa mawu, "ndamva zonena za anthu. Kodi madziwa tingam'mwetse mwana?"

Sakina anayang'ana khandalo. Anayang'ananso pansi pa mtengo paja, ndipo mnyamatayo anali atasiya makhadi, akuwayang'ana. 

"Muziyamwitsa kwambiri," anatero Sakina. "Musafulumire kumupatsa madzi."

"Nanga ine?"

Sakina anawerama, anagwira ndowa ya mtsikanayo mbali imodzi, n'kumusenzetsa.